Dzanja Lamanzere Ndi la Gitala

Tadala, tavula tizipewa ta labala timene waveka kunsonga kwa zalato uike patebulo apo. Wati unatiitanitsa pafoni, munthu n'kutibweretsa mpaka pakhomo? Koma dziko ili, zala nazo zayamba kuvala zipewa! Nawe Yamikani usamuseke mlongo wako, iwe ndiye gitala sunaikhudzepo n'komwe. Zimitsa zimene ukuonerazo ukhale apa. Lero ndi Loweruka, mvula ya ku Woolwich kuno ku London siikata msanga, ndipo amayi anu ali ku shifiti mpaka madzulo. Ndili nanu mawu, ndipo muwamva m'Chichewa. Kuyankha yankhani m'Chizungu chanucho, koma makutu anu ndikudziwa kuti amamva.

Iwe Tadala, ndamva kuti masabata atatu okha chiyambire kuphunzira ndi gitala ya kusukulu, ukufuna kusiya. Akuti zala zikuwawa. Chabwino, tifikako.

Ndaona mukuyang'anizana kuti gitala yanga yabwerera bwanji m'nyumba muno. Amayi anu anaitenga mwezi watha n'kukaibisa kwanu ku Lewisham, pamwamba pa wadiropu, kuseri kwa masutikesi. Ankaganiza kuti sindingaipeze. Dzana ndinakwera basi ndi khadi langa la okalamba, ndinatsegula chitseko ndi kiyi amene anandipatsa okha, ndinakwera pampando n'kuitsitsa. Inde, pampando, ndi mawondo anga omwewa. M'basi ndinakhala nditaikumbatira, ana a sukulu akundiyang'ana ngati ndaba. Munthu saba chake. Chimene amayi anu anaibisira ndikuuzani, koma yambani mwamva kumene inachokera.

Ine ndinakulira ku Thyolo, pa esiteti ya tiyi. Inu tiyi mumamudziwa ali m'kathumba ka pepala, mumayesa amamera choncho. Ife tinkamuthyola ndi manja, dengu lili kumsana, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuyambira mbandakucha. Ndinayamba kuthandiza amayi ndili wamng'ono kuposa iwe Yamikani. Nthawi ya chiperoni, kamvula kozizira kaja kamene kamagwa masiku atatu osakata, zala zinkachita dzanzi, zinkang'ambika, utomoni n'kulowa m'ming'alumo mpaka zinkada ngati za wowotcha makala. Panalibe magolovesi, panalibe mafuta odzola. Ukadandaula amayi ankangoti, "Thyola, zizolowera." Ndipo zinkazoloweradi.

Abambo anga anali kapitawo komanso mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Koma m'nyumba momwemo munabadwa achimwene anga a Laisoni, amene nyimbo zinkawatuluka ngati thukuta. Iwowo anapanga banjo ndi galoni ya mafuta ndi thabwa la bulugama. Nsambo zake anasolola m'chingwe cha mabuleki a njinga. Ana inu simungadziwe kuti waya wa mabuleki ndi wotani. Amadula ngati lezala. Achimwene anayesa zonse kuti zala zilimbe msanga: kuviika m'madzi a mchere, kupaka palafini, ndipo tsiku lina mnzawo wina wopusa anawauza kuti azigunditse pachivundikiro cha mphika wotentha. Anagunditsadi. Zinatuluka matuza akuluakulu, masabata awiri osakhudza banjo, ngakhale kumanga batani la malaya ankalephera. Umvetse pamenepo Tadala, njira yachidule pa zala kulibe.

M'masabata awiri amenewo ndi mmene ine ndinaba mpata. Banjo ankaibisa m'nkhokwe. Ndinkaitenga masana anthu akugona ndi kutopa, n'kukakhala nayo kuseri kwa nthochi. Chala cha mkombaphala sichinamve kanthu, tiyi anali atachiumitsa kale. Koma zitatu zinazi, mayo ine! Kachala kakang'onoka kanafiira n'kuyamba kugunda ngati muli mtima. Ndinkalira, n'kupukuta misozi, n'kudinanso.

Tsiku lachinayi ndinangomva mawu kumbuyo kwanga. "Iwe Esinati, ukulimbana ndi wayayo ngati wakulakwira."

Ndinafuna kuthawa. Koma achimwene anakhala pansi, zala zawo zili m'tisanza, n'kunena kuti, "Usathawe. Dinanso ndione." Ndinadina. Anapukusa mutu. "Ukudina pakati, n'chifukwa chake ukufinya ndi mphamvu zonse. Sendeza chala chifike pafupi ndi kachitsulo kopingasako. Tsopano masula pang'ono. Masulanso. Wamva? Ikulirabe. Mphamvu zina zonsezo umangozitaya, n'kumadzipweteka wekha."

Ndi iwo anandiphunzitsa kuti ndiziimba pang'ono tsiku lililonse, osati tsiku lonse kamodzi pamlungu. Anandiletsa kukhudza nsambo ndikangochoka kuchapa kapena kutsuka mbale, chifukwa khungu lonyowa ndi lofewa ngati nthochi yakupsa. Zikhadabo zakumanzere ankandiwenga okha ndi lezala. Ndipo ankati thuza likangoonekera, siya, dikira lipole, chifukwa wolimbira pachilonda amataya mwezi wathunthu. Zimenezi anaziphunzira ndi chivundikiro cha mphika chija.

Nkhani siikhalitsa pa esiteti. Abambo anamva. Anandipeza kuseri kwa nthochi komweko, analanda banjo n'kuiponda kamodzi kokha, galoni ija n'kuphwatalala. Anati, "Mwana wamkazi woimba zimenezi amathera m'mabala. Osati wa m'nyumba mwanga." Nthawi imeneyo bambo sankayankhidwa. Koma atatembenuka ndinatola mawaya aja n'kuwakulunga m'chitenje. Ndinakhomera waya mmodzi pathabwa, ndipo tsiku lililonse ndinkadinapo zala kuti zisafewe, ngakhale panalibe nyimbo yotulukapo.

Chaka chotsatira achimwene anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo. Anakhalako zaka zinayi. Anabwera ndi sutikesi, jekete lachikopa, nsapato zosongoka, gitala iyi mukuionayi, ndi chifuwa chimene sichinkatha. Anali ataonda moti amayi anayamba kulira asanawapatse n'komwe moni. Ntchito sakanathanso. Ankakhala pakhonde akuwotha dzuwa, gitala ili pamwendo, ndipo abambo ankangodutsa, chifukwa munthu wodwala sumulanda chomutonthoza.

Pakhonde pamenepo ndi pamene anapeka nyimbo yawo. Mawu ake ndi ochepa: "Tsegulani amayi, ndabwera, ndabwera ndi fumbi m'chifuwa." Koma kaimbidwe kake n'kovuta. Ankamasula nsambo yaikulu kuti izilira pansi kwambiri, chala chachikulu chikuyenda pamenepo ngati munthu wotopa akukwera chitunda, zala zinazi zikuyankha pamwamba. Sinalembedwe paliponse, Yamikani, usavutike kuifufuza pafoni. Anandiphunzitsa miyezi itatu, abambo akakhala kumunda. Tsiku lina anagwira dzanja langa lamanzere, anapapasa nsonga za zala, n'kunena kuti, "Zapsa izi. Gitala iyi ndi yako, wamva? Asakunamize munthu." Mvula yoyamba itagwa anatisiya.

Kwathu maliro akatha, abale amakhala pansi kugawa katundu wa malemu, ndipo wogawa amakhala malume. Akazi timakhala pamphasa chapatali, kumangomvera. Malume anapereka jekete kwa uyu, nsapato kwa uyo. Atafika pa gitala anati, "Ichi n'cha amuna. Chipite kwa Fuledi." Fuledi anali msuweni wathu, mnyamata wa manja osalala amene ankagwira ntchito m'sitolo.

Ndinayenda chogwada kufika pakati pa bwalo, ndinawomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Pepani malume, achimwene anati gitala ndi yanga."

Anthu anaseka. Mayi wina anandikoka chitenje kuti ndibwerere. Malume anati, "Iwe mwana, mboni yako ndani?"

Ndinati, "Mboni ndilibe. Koma a Fuledi aimbe nyimbo ya achimwene timve. Akaimba atenge."

Fuledi anaitenga monyada, anadina kawiri katatu, nsambo zikungolira ngati chitseko chadzimbiri. Kenako anachotsa dzanja n'kuyamba kuyamwa zala. Apo anthu anasekanso, koma tsopano sankaseka ine. Ndinatambasula manja, ndipo sindikudziwa chimene chinawagwira malume, anangondipatsa. Ndinamasula nsambo yaikulu ija n'kuyamba. Nditafika pa mawu akuti "tsegulani amayi", amayi anga anagwa chafufumimba pamphasa. Abambo anaimirira n'kulowa m'nyumba. Sananene kuti inde, mpaka kumwalira kwawo sananenepo. Koma gitala sanaikhudze, ndipo ndinkaipachika pakhoma poonekera.

M'mabala sindinathereko. Ndinathera m'kwaya. Agogo anu aamuna pondifunsira anachenjezedwa ndi abale awo kuti mkazi wa zala ngati za mmisiri wa njinga sadzamva za mwamuna. Iwo anangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi ankandinyamulira gitala popita kutchalitchi, amayi ena akunong'onezana kumbuyo. Ndinaimba pa maukwati, pa maliro, pa ubatizo wa amayi anu omwe. Zala zinali gwa, moti ndinkatha kuphula mbatata pamoto ndi manja osamva kanthu.

Chimene analephera abambo ndi malume, London anatsala pang'ono kuchikwanitsa. Agogo anu atamwalira ndinatsatira amayi anu kuno. Gitala ndinaikulunga m'bulangete ndi zitenje ziwiri, ndipo pabwalo la ndege ndinakangana ndi mtsikana wa yunifolomu mpaka anailola. Ndinapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Ntchito imeneyo ndi ya madzi. Kusambitsa munthu, kusamba m'manja, kuvala magolovesi, kuvula, kusambanso, kupaka sanitaiza, kudzola mafuta kuti khungu lisang'ambike. Manja ankakhala m'thukuta la magolovesi shifiti yonse. Patatha miyezi iwiri ndinaona khungu lolimba lija likusupuka lokha ngati khoko la mtedza wonyowa. Lamlungu lina ndinatenga gitala kutchalitchi kwathu, mu holo imene timabwereka ija, ndipo nyimbo yachiwiri isanathe ndinali ndikuluma mlomo. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu, zala zikumuwawa ngati kamtsikana ka kuseri kwa nthochi! Ndinakwiya koopsa.

Ndinayambiranso poyambirira. Ndinkadzuka n'kuimba mphindi khumi ndisanakhudze madzi aliwonse, ngakhale a kumaso. M'basi popita kuntchito ndinkadina nsonga za zala m'mphepete mwa khadi la basi, chimodzichimodzi, kuchokera ku Woolwich mpaka kotsikira. Mafuta ndinkadzola kuseri kwa manja ndi m'zikhatho, nsonga zinayi zakumanzere n'kuzisiya. Mnzanga wina wa kuntchito, mayi wa ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Dedza, ankandiseka kuti, "Amai Esinati, imwe mudzafa na gitala yanu iyi." Ndinkamuyankha kuti ameni.

Ndisakunamizeni kuti zatsopano zonse n'zachabe. Tsiku lina ndinapita nayo kwa mmisiri wa magitala ku Peckham chifukwa kachitsulo kena kanamasuka. Bamboyo ataigwira anandiyang'ana ngati waona mzukwa. Anati nsambo zili patali kwambiri ndi khosi la gitala, ndipo n'zonenepa ngati waya wa mpanda, ndiye ndakhala ndikuimba bwanji zaka zonsezi? Ndinamukalipira kuti asakhudze za achimwene anga. Anandipempha kuti ndingoyesa. Anatsitsa nsambo pang'ono, anaika zopyapyala. Nditadina ndinachita manyazi. Zaka makumi atatu ndinkavutika ndi chinthu chimene munthu anakonza ndisanamalize kumwa tiyi. Choncho gitala ya kusukuluyo ubwere nayo ndiione, mwina theka la ululu wakowo si wako, ndi wa gitalayo.

Koma tizipewa ta labalati ayi. Khungu limaphunzira pokhapokha likakumana ndi waya. Ukalibisa, mwezi wa mawa lidzakhala lofewa ngati lero. Ndipo choipa kwambiri, ukavala timeneti sumva pamene nsambo ili. Kumva kumeneko ndiye nkhani imene ndakuitanirani.

Mukudziwa kuti ndili ndi matenda a shuga. Atandipeza nawo, namwino anatenga dzanja langa lamanzere kuti abaye chala aone magazi. Ndinalibweza. Ndinati, "Mwanawe, baya kuno. Dzanja lamanzere ndi la gitala." Anaseka, koma mpaka lero amadziwa, ndikangolowa amatenga lamanja. Ndinkayesa kuti ndalitchinjiriza.

Mwezi watha kutchalitchi, inu munali m'kalasi la ana, ndinaimba bwino kuposa masiku onse. Zala zinali zopepuka, osamva kuwawa ngakhale pang'ono. Mumtima ndinkati, Esinati, wafikapo tsopano, waya wagonja. Kenako mayi amene amaima pambali panga anandigwira phewa n'kuloza ndi maso. Nditayang'ana pansi ndinaona magazi pakhosi la gitala, ena atadonthera pabulauzi langa loyera. Nsambo imodzi inali itayamba kutha, kawaya kake kakang'ono kanadzuka n'kundicheka chala chachitatu. Ndinaimba nyimbo ziwiri zathunthu ndikudzicheka, osamva kanthu.

Amayi anu anandimanga chilondacho m'kachipinda ka kuseri. Paja iwo ndi namwino wa zaka zambiri. Anati, "Amayi, simunamve? Zoona simunamve?"

Ndinati, "Ndi kachilonda kakang'ono, Chisomo."

Anati, "Kwa munthu wa shuga kulibe kachilonda kakang'ono. Ine ndimaziona ku wodi tsiku ndi tsiku. Zimayamba chonchi, mapeto ake munthu amadulidwa chala. Gitala imeneyi basi, yakwana."

Anandipangira apointimenti. Dokotala anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandigunda nsonga za zala ndi kaulusi kolimba, ine ndizinena ndikamva. Mkombaphala ndinamva. Chapakati ndinamva patalipatali. Ziwiri zinazi ndinangokhala chete kudikira kuti ayambe, osadziwa kuti wamaliza kale. Anandiuza mosabisa kuti shuga wawononga mitsempha, kuti kumva kumene kwapita sikubwerera, ndipo tikalimbikira mankhwala tingochedwetsa kuti dzanzilo lisafalikire msanga. Madzulo ake gitala inasowa pakhoma.

Amayi anu sindikuwada. Akunena zoona, ndipo akuchita mantha chifukwa amandikonda. Chilonda ndinachisamala mpaka chinapola, taonani. Mankhwala ndikumwa, shuga m'tiyi ndinasiya, ngakhale tiyi wopanda shuga ndi chilango. Nsambo zonse ndasintha dzulo. Ndiziimba mphindi khumi zokha, ndipo ndikamaliza ndiziyang'ana chala chilichonse pawindo ndi magalasi, popeza maso ndiwo atsala kundiuza zimene khungu linkandiuza. Zonsezo ndavomera. Koma kundibisira gitala pamwamba pa wadiropu ngati mpeni wobisira mwana, zimenezo ayi. Abambo anga anaiponda banjo, malume anafuna kupatsa Fuledi, madzi a ku London anandisupula zala, onsewo sindinawagonjere. Sindiyambira pa mwana amene ndinabereka ndekha.

Komabe ndikuuzeni chimene sindinawauze amayi anu. Ndili ndi mantha. Dzulo nditasintha nsambo ndinayesa nyimbo ya achimwene. Chala chachikulu chinayenda bwinobwino. Koma pamene zala zapamwamba zimayenera kuyankha, panatuluka phokoso la chitseko chadzimbiri lija, la Fuledi. Chala chinali pambali pa nsambo, ine ndikuyesa kuti chili pamwamba pake. Ndinabwereza kasanu ndikuyang'anitsitsa, kachisanu ndi chimodzi ndiye inatuluka. Chaka chamawa mwina sidzatulukanso. Anthu amene anaimva nyimbo imeneyi pakhonde paja onse anapita. Ikachoka m'zala izi, ndiye kuti achimwene a Laisoni afa kachiwiri, ndipo ulendo uno ndidzakhala ndawaika m'manda ndine.

Ndiye Tadala, sendera kuno. Usachite mantha, siiluma. Ikhazike pamwendo, chonchi. Yamikani, tenga chowengera zikhadabo mu kabati umo, za mlongo wakozi ndi zazitali ngati za mphaka, ndipo ukatero ukhale pafupi uzionera, chifukwa mawa ndi iwe. Amayi anu akabwera madzulo n'kuyamba kukalipa, inu musayankhe kanthu, muwasiyire ine.

M'manja mwako ndi mouma? Sunatsuke mbale posachedwa? Ndikufunsiranji, iwe ndi mbale munadana kalekale. Masula nsambo yaikuluyo, pang'onopang'ono, mpaka ndikuuze. Basi, pomwepo. Wamva mmene yatsikira? Tsopano chala chachitatu apa. Osati pakati, sendeza chifike pafupi ndi kachitsuloko. Usafinye ngati wakulakwira. Masula pang'ono. Masulanso. Liza.

Yalira. Wamva? Ndi mawu oyamba amenewo, pamene amati "tsegulani".

Ukukwinya nkhope bwanji? Zikuwawa? Tandipatsa dzanjalo ndione. Kamzere kofiira kokha, thuza palibe. Mphindi khumi lero, mawa khumi, pakutha pa mwezi udzakhala utaiwala. Ine ndinakhala moyo wanga wonse ndikuthamangitsa ululu umenewu, mwanawe, ndipo tsopano wachokadi. Ndimadzuka m'mawa n'kudina zala ziwirizi pa waya, kupempha Mulungu kuti zindiwaweko ngakhale kamodzi.

Bwezera chalacho pamalo pake. Dinanso.